Botolo la a Moffat ndi mateyala a kumanzere

Mma Sandra, eni mathiraki athu, dumela Mma! Linnet, iwe wodziwa Chitswana, khala pafupi nawo uziwamasulira, koma zina uzidumpha. Abusa, akuluakulu a ku galaja, Mayi Chiwaula ndi ana, madalaivala anzanga, ndi inu amene mwangomva fungo la nyama n'kulowa, takulandirani nonse!

Ine ndine Rodrick. Pepala ndilibe, sukulu ndinangoidutsa panja. Nkhani ndikuuzaniyi anayamba kundiuza ndi Swaleh, makaniko wathu, uyo akubisala kuseri kwa mzatiyo. Usathawe, Swaleh!

Koma tiyambe ndi eni tsikuli. A Moffat Chiwaula atangolembedwa ntchito kuno, ulendo woyamba anawatuma ku mgodi wa ku Wonderkop. Iwo anakatulukira ku Phokeng, pakati pa renki ya matekisi, thiraki ndi tirela yomwe! Mahutala mbali zonse. Iwo osatekeseka, kutsitsa galasi: "Pepani abale, mgodi uli kuti?" M'Chichewa! Kwa Atswana!

Mukuseka, achimwene? Dikirani, sindinayambe.

Inu a kunyumba simudziwa chimene dalaivala amaopa. Mkati mwa teyala muli beringi, ndi imene imachititsa kuti teyala lizizungulira mosavuta. Ikauma imatentha. Ikatentha imagwira, ndipo moto umabuka uli pamsewu, miyala ya kuromu ili phaa kumbuyo. Tinaziwonapo, sitifuna kuziwonanso.

Ndiye kunabwera mabotolo aja a mankhwala othira m'magalimoto. Akuti ukasakaniza ndi girisi, kapena ukathira mu giyabokisi ndi mu difu, ija imazunguza mateyala a kumbuyo, zitsulo sizikhulana, zimangoterera. Madalaivala tinagawikana pawiri. Ife a girisi tinkati, "Ayi, girisi wabwino ndi sevisi, basi." A botolo ankati ndife okalamba maganizo. Bishopu wa a botolo anali ndani? Awa akhala apawa! Pa mzere wa sikelo yoyezera mathiraki, botolo. Pa tiyi, botolo. Pa maliro a mnzathu, abusa atangoti ameni, ndinamva kunong'ona kumbuyo kwanga: "Rodrick, difu yako ikulira."

Tsiku lina Loweruka anati mkangano uthe. Anamasula okha mateyala a tirela yawo. Kumanzere anaika girisi wosakaniza ndi botolo, kumanja girisi wamba. Kuyambira pamenepo, paliponse taima, iwo tsikeni, dzanja pa habu, pakati pa teyala paja. Kumanja: "Eish, kwafunda." Kumanzere: "Bwerani mudzagwire! Ngati firiji!" Tinkapita kukagwira. Ndipo kunena zoona, enafe tinayamba kumva kuzizirako. Nyengo yozizira inatha, mvula inabwera, iwo akugwirabe.

Nkhani inawafika Mma Sandra. Anati, "Madala Moffat sananamepo. Lolemba adzatiuze pamaso pa onse. Akati inde, tithira m'mathiraki onse." Mwamva? Mathiraki onse, ndi miyoyo yathu momwemo, pa mawu a munthu mmodzi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Swaleh anandipeza, nkhope yagwa. "Madala, botolo lija akuti linali mu tirela iti?" Ndinamuuza. Anagwira kumutu. "Tirela imeneyo inalowa sevisi sabata yomweyo imene anathira botolo! Ndinatsuka maberingi onse ndi parafini, n'kuika girisi wamba. Mbali zonse! Palibe anandiuza!"

Abale, miyezi yonseyo tinkagwira girisi mmodzimodzi!

Tinapita kunyumba kwa a Moffat ku Lefaragatlha masana omwewo. Swaleh anafotokoza zonse. A Moffat anayang'ana chikhatho chawo. Ine chifundo chinandigwira, ndinati, "Achimwene, tikudziwa ndife atatu. Mawa mungonena kuti mukufuna nthawi ina yoyesera. Sitiulula." Mayi ali pakhomo anati, "Atatu? Ine ndine mpando?" Mukukumbukira, Mayi? A Moffat sanaseke. Anangoti, "Zikomo, muyende bwino." Ndinachoka ndisakudziwa chimene adzachite.

Ndisanamalize, achimwene, ndithokoze, chifukwa mukayamba kuwomba m'manja simundimvanso. Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Anyamata ambiri pano anafika kuchokera kumudzi osadziwa ngakhale kobwerera, munawagoneka kwanu, munawaphunzitsa kubweza tirela. Thiraki yanga itafa panjira ya ku Maputo, munakhala nane padzuwa tsiku lonse, mukundinyoza za difu, koma simunandisiye. Pitani ku Ntcheu mukapume, uchona watha. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni. Mukadye mbatata zanu. Mayi, njinga ya abusa akumeneko muziibisa, angaithire mankhwala. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mawondo olimba.

Tsono tibwerere ku nkhani ija, Lolemba m'mawa. Tonse tasonkhana pabwalo, tikutenthetsa mainjini, a botolo akungomwetulira. Mma Sandra akuti, "Madala, tiuzeni." A Moffat anavula chipewa. Anati, "Mma, anzanga, mu tirela ija munalibe botolo. Swaleh anagwira ntchito yake bwino, wolakwa ndine, sindinamuuze. Kuzizira ndinkakumva kuja kunali m'mutu mwanga. Musathire kanthu m'mathiraki chifukwa cha mawu anga."

Wina anaphulika kuseka, bwalo lonse linagwa. Iwo anaima pomwepo, chipewa m'manja, mpaka titatopa tokha.

Mma Sandra anafunsa, "Nanga botololo, limagwira ntchito kapena ayi?"

"Sindikudziwa, Mma."

Ine ndayenda nawo zaka zonsezi, mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo! Anavala chipewa, anakwera thiraki, anapita kukanyamula miyala ngati tsiku lina lililonse. Anthu anasiya kuseka thirakiyo isanafike pageti. Ndipo tsiku lomwelo, anyamata amene anali ndi kanthu kolira m'mateyala, kamene ankabisa poopa kukalipiridwa, anayamba kulowa mu galaja mmodzimmodzi kukanena okha.

Munthu wake ndi ameneyu. Imirirani, achimwene, akuoneni! Ikani mbale pansi nonse. Amayi, nthungululu ili kuti? M'manja, abale, m'manja mwamphamvu, amve mpaka ku mgodi!