Mapale Osefera Madzi

Pamsika wa ku Lisungwi, mphunzitsi wachilendo anaona mayi wina akutola mapale pamalo ogulitsira miphika, ndipo anamufunsa.

"Kodi mayi, mapale onsewa ndi a chiyani?"

"Timawasinja n'kusefera madzi akumwa, bambo. M'chitsime chathu munalowa dizilo wa kuchigayo. Dongo lootcha limamwa mafuta, koma laliwisi limangodetsa madzi."

"Ndiye fungo limatha?"

"Limangochepa. Ana amamwa atatsina mphuno."

"Bwanji osakadandaula kwa mwini chigayo?"

"Tsitsani mawu! Mwini wake ndi atcheyamani a chipani. Amuna anga anapita kukadandaula nthawi yokolola."

"Anawayankha chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo. Anthu anangowaona akukwezedwa m'galimoto ya apolisi, ndipo mpaka lero amuna angawo sanabwere kudzandiuza."