Foni ya Adokotala Itagwa pa Masitepe

Ine, namwino wa zaka 44 amene ku wodi amanditcha Sisita Changu, wokhala m'nyumba za antchito kuseri kwa chipatala, ndikupereka umboni kwa inu oweruza mlanduwu pa nkhani ya foni imene inasweka.

Kwa zaka zitatu ndakhala m'gulu lofufuza za mankhwala a kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Mtsogoleri wathu ndi adokotala aakulu, eni foniyo. Woimbidwa mlandu ndi katswiri wathu wa ziwerengero, timangowatcha a Masamu. Ndiwo anatiuza kuti tifufuze amayi angati kuti zotsatira zidalirike, ndipo ndiwo anasanthula manambala onse amene ife tinkatolera ku wodi. Ofesi yawo ndi kachipinda kopanda windo pafupi ndi mosungira mankhwala.

Gulu lathu lili ndi chizolowezi. Tikamaliza gawo la ntchito timajambulitsa pa masitepe, ndipo wotijambula nthawi zonse ndi a Masamu. Zinangoyamba choncho, palibe anafunsapo chifukwa.

Lachinayi m'mawa lipoti la kafukufuku linatuluka, ndipo tinaliwerenga m'chipinda cha misonkhano. Mayina athu anali pamwamba. La a Masamu linali kumapeto, pa othokozedwa, limodzi ndi otikonzera jenereta. A Masamu anafunsa, "Adokotala, dzina langa lasochera kapena?" Adokotala anaseka nati, "Achimwene, inu simunagwireko wodwala ndi mmodzi yemwe. Tiyeni panja, mutijambule."

Tinafola pa masitepe. A Masamu anaima pa simenti, mamita ngati atatu kuchokera pamene ndinali, foni ya adokotala ili m'manja. Anati, "Yandikanani, ena sakuoneka." Tinapanikizana n'kumwetulira. Kenako ndinangomva phwaa! Foni inali pansi, galasi litasweka. A Masamu anaitola, anaiika pa sitepe, nabwerera ku ofesi. Adokotala anakalipa kuti aiponya dala, ndipo ntchito yawathera.

Mwandifunsa ngati anaiponya kapena inangowapulumuka. Ndikudziwa kuti ntchito yawo yatsamira pa yankho langa, ndipo zikundiwawa kuti yankholo ndilibe. Tinalipo asanu ndi anayi, kunja kukuwala bwinobwino, tonse titayang'ana komwe anaima. Ine maso anali pa kadiso ka kamera, kuopa kuphethira. Ndafunsa anzanga mmodzimmodzi, aliyense akuti chimodzimodzi. Munthuyo sitinkamuona.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wasayina: ______________ Sisita Changu