Mphini za Buledi Wopserera

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma ndineneretu kuti umboni wanga si wotsekemera. Ena mutuluka muno mutandikwiyira. Palibe kanthu, nanenso ndabwera ndili wokwiya.

Mukundidziwa. Ndine khukhi, ndaphikira azungu ku Rosebank kuno ku Joni chisiyireni mgodi. Mukudziwanso mwana wanga mmodzi yekhayo, Limbani, amene mumamutchula kuti tsotsi wa a Mbewe. Ndimamva. Amayi akumbuyoko musazolike, ndimamva.

Anali tsotsi, sindikukana. Anali m'gulu la anyamata olanda anthu ndi mipeni m'sitima. Koma ndani wa inu anafunsapo kuti analowamo bwanji?

Mwana ameneyu anabadwira m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya azungu. Lamulo linkati wantchito azigona yekha, mwana ayi. Agalu awiri a adona ankagona m'khitchini, mwana wanga malo analibe. Amake, mayi wa konkuno, atamwalira, ndinakamusiya kwa mayi ake aang'ono ku Alexandra, m'chipinda chimodzi chothithikana anthu. Ndinkamuona Lachinayi lokha, tsiku langa lopuma. Chichewa sindinamuphunzitse, poopa kuti akachilankhula pamsewu apolisi adziwa kuti ndife obwera. Koma ana anzake ankadziwabe. "Nyasa, Nyasa," uku akumugenda. Sukulu inatsekedwa nthawi ya chipwirikiti ija, asilikali ali mbwee pabwalo. Akafune ntchito, akuti chiphaso cha pasi chili kuti. Akatenge pasi, akuti bambo ako ndi akunja, pita kwanu. Kwawo kuti? Malawi sanamuonepo ngakhale pachithunzi.

Ndiye ndinabwera naye muno. Abusa, inu munali musanabwere. Sabata yachitatu jekete la munthu linasowa. Anthu tinali odzaza, koma wovulidwa malaya ndi kupisidwa m'matumba anali Limbani yekha. Jeketelo linapezeka kuseri kwa benchi. Pepani sanamumve. Amene munamupisa muli muno, sinditchula dzina. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ndi pakamwa pokha. Ndipo ine bambo wake ndinakhala chete tsiku limenelo, poopa kuti mundichotsa udikoni.

Atsotsi sanamufunse pasi. Ndipo dzina lomwe ankamunyoza nalo, kwa iwo linali lamtengo. Mukudziwa zimene anthu a kuno ku Joni amakhulupirira, zoti Amalawi tonse ndife okhwima, tili ndi mankhwala oti mpeni upindike pakhungu. Mkulu wa gululo, ankamutcha Bra Toki, anamukokera pafupi, anamugulira nsapato ndi chipewa. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti kukhala Nyasa kumubweretsere ulemu.

Tsiku lina masana, adona atachoka, ndinamva kugogoda pageti la kuseri. Limbani. Panali patapita zaka ziwiri ndisanamuone. Anavula chipewa, anagwada, nati m'Chichewa chokhotakhota, "Ababa, ndithandizeni." Ndinamva pambuyo pake kuti mawuwo anachita kukafunsa kwa telala wina wa ku Mangochi. Abale, mwana wanga anali asananditchulepo kuti ababa. Ankangoti madala, monga amaitanira mkulu aliyense pamsewu.

Kenako anabwerera ku Chizulu chimene anakula nacho. Ankafuna ndimutemere mphini kuti mpeni usamamulowe.

Ine mankhwala sindiwadziwa. Ndinakulira pamishoni ku Dedza, chimene ndimadziwa ndi kuotcha nkhuku. Ndikanamuuza zoona. Koma ndinadziwa kuti ndikati ndilibe, avala chipewa chake ndipo sindidzamuonanso. Ndinamusiya m'kachipinda, ndinalowa m'khitchini. M'bini munali buledi amene ndinapsereza m'mawa. Ndinapala makala ake ndi supuni, ndinasakaniza ndi mafuta ophikira m'kachitini. Ndinatenga lezala, ndinamutema pachifuwa, pamapewa, pamsana, ndikupaka buledi, uku ndikunong'ona mayina a midzi ya kwathu kuti zimveke ngati matsenga. Sekani, ndikuona ena mukudzigwira pakamwa. Nanenso ndinaseka tsiku limenelo. Ndimati ndachenjera, mwana azibwera.

Chimene sindinaganize n'chakuti munthu wokhulupirira kuti mpeni sumulowa amayenda patsogolo. Ndipo anzake anamuikadi patsogolo. Sipanathe miyezi inayi, anabayidwa pasiteshoni ndi amuna amene anatopa ndi kulandidwa. Mpeni unalowa apa, pansi pa nthiti. Amuna amenewo sindiwada. Amene anamutuma kumpeniko ndine.

Madokotala anamusoka, anakhala moyo. Ndinamutengera ku Orange Farm, kumene ndinali nditangomanga kanyumba kamalata. Ndimati tsopano waphunzira. Ayi ndithu. Anandigwira dzanja ali chigonere, nkhope ikuwala, nati, "Ababa, mankhwala anu agwira. Mpeni unaphonya mtima." Ankangodikira kuti bala lipole abwerere, ndipo ulendo uno sakanaopa ngakhale mfuti.

Loweruka lina masana Bra Toki anafika ndi anyamata asanu. Anakhala pansi mwaulemu, malaya atavula kale. Onse ankafuna mphini.

Ndinapita kuseri kwa nyumba kukapemphera, ndipo pemphero langa linali lamwano, Abusa mundikhululukire. Ndinati, Inu Mulungu, munali kuti mwanayu akugendedwa? Munali kuti akumupisa m'nyumba mwanu momwe? Lero wayamba kundiitana kuti ababa, ndiye mukufuna mundilande nazonso? Sanandiyankhe ndi mawu. Ndinangoona m'maganizo ana a eni ake asanu aja atagona pasiteshoni ndi buledi wanga pachifuwa, wanga ali pakati.

Ndinatulutsa mbaula, buledi ndi mafuta. Ndinapsereza onse akuona. Ndinapala, ndinasakaniza, ndinatapa ndi supuni n'kudya. Ndinati, "Mankhwala a Nyasa ndi amenewa, ena ndilibe. Mnzanuyu anamupulumutsa ndi Mulungu ndi madokotala."

Kenako mmodzi anayamba kuseka, onse n'kugwa nalo phwete, akuloza zipsera za Limbani. Bra Toki sanaseke. Anatola njerwa. Mano awiri mukuona kuti palibewa anatsala pabwalo pomwepo. Atamaliza ndi ine anamulavulira Limbani, anamulanda nsapato zija, namuuza kuti akadzaonekanso ku Alexandra amumaliza okha.

Ndi mmene Mulungu anatulutsira mwana wanga m'gulu limenelo. Sanatume mngelo. Anamutulutsa ndi manyazi, pamaso pa anthu okhawo amene anamupatsapo ulemu, ndipo manyaziwo anadzera mwa bambo wake wabodza.

Mnyamata amene anamuika patsogolo m'malo mwa Limbani tamuika m'manda sabata yathayi. Ndevu zinali zisanamere. Ndinapita kumaliroko. Amake anakhala pafupifupi okha, chifukwa maliro a tsotsi anthu opemphera sapitako. Ndinawayang'ana mayi aja ndipo ndinadziwa kuti mpando umene anakhalapowo unali wanga.

Ndiye inu muli ndi ana ku lokeshoni, amene mumawaona Lachinayi lokha, musamagwedeze mutu pomva za mwana wa Mbewe. Mwana ukamutsekera zitseko zonse amalowa chimene chatseguka, ndipo cha Bra Toki sichitsekedwa.

Musayang'ane kukhomo, sanabwere. Sanatembenuke mtima, ndipo sindinama kachiwiri kuti umboni ukome. Ali kunyumba. Sandilankhula. Ndikamuphikira amadya atayang'ana kukhoma. M'mawa uno ndikuvala tayi anandiyang'ana ndi maso oti akanatha akanandimeza, nati, "Wabodza iwe, ukukanamanso kutchalitchi?"

Abale, ndayenda kuchokera pakhomo mpaka pasiteshoni ndikuthokoza. Wakufa sakwiya. Wakufa satukwana bambo wake. Zikomo Yesu, zikomo chifukwa cha chipongwe chimenecho, zikomo chifukwa cha mano anga awiri.

Amene mukutha, imirirani mukondwere nane. Amene zakuvutani khalani pomwepo, ndiyimba ndekha. Mwana wanga amandida, ndipo ali moyo. Ameni.