Dothi Lakuda la Kukwale

Pa siteji ya Chamama, a Levison, mlimi wa fodya, anakhalira kachikwama kawo kudikira matola. Mayi wogulitsa nthochi pambali pawo anawayamba.

"Bambo, anzanu ali kalikiliki kuwokera fodya, inu ulendo?"

"Ndiwokere chiyani, mayi? Nazale yonse inapsa. Ndikukasaka ganyu kuesiteti."

"Dzuwa?"

"Oyilo. Kukwale kwathu kuja, kophwanya miyala, makina ankangomutayira pansi. A boma oona zachilengedwe atabwera analamula kuti dothi lonselo lipalidwe, lichoke."

"Si zabwino zimenezo?"

"Analipaladi. Kenaka dalaivala wa lole anafika m'mudzi, amvekere, 'Ndani akufuna manyowa aulere?' Dothi lakuda bii, ngati la kudambo. Tinalimbirana. Ine ndinachita kumupatsa tambala kuti ayambire kwanga."

"Mayo! Fungo simunalimve?"

"Tinkati ndi la lole. Nditalithira panazale, mbande zinangomera n'kufota."

"Abomawo munawauza?"

"Anabweranso, anajambula kukwale, anati kwayera. Ndinawathamangira mpaka kumsewu. Akuti iwo anatumidwa kukwale, za kuminda n'za ofesi ina."

"Chaka chamawa mudzafesa pena?"

"Pati, mayi? Lotsala ndinalimwaza dimba lonse. Ndi manja angawa."