Mawu Anali Awo, Mapiko Anali a Eni

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1952 kuno ku Angeles, ndipo anabatizidwa dzina lakuti Perlita, ngakhale ife pabanja tinkangoti Ate Perling, kutanthauza achemwali Perling. Ine ndaima pamaso panu ndine Honesto, mlongo wawo wamng'ono. Ndalankhulapo pamaso pa mabwana ku Dubai ndi ku Vancouver osaphethira, koma lero n'zina, choncho mundipirire.

Bambo awo owabereka anali msilikali wakuda wa ku Amereka, amene anakwera ndege kubwerera kwawo Ate ali m'mimba. Anasiya galamafoni ndi khungu lake basi. Mayi athu, malemu Aling Consuelo, anawalera ndi ntchito yochapa zovala, kenaka anakwatiwa ndi bambo anga, a Manalastas, amene anawapatsa Ate dzina lawo. Kusukulu, kumene anayamba mu 1959, anzawo ankawatcha Kunsi kwa Poto. Ate ankawayankha kuti kunsi kwa poto n'kumene kumakhala nkhoko zokoma za mpunga.

Mu 1962 amayi a komiti ya paparishi ankafuna mwana woti akhale mngelo wa pa Pasaka, uja timamutsitsa ndi chingwe m'bandakucha kuti avule chifaniziro cha Mayi Maria nsalu yakuda uku akuimba. Pa ana onse, Ate anapambana kutalitali. Koma amayiwo anati mngelo wa khungu lotere sanamuonepo. Anaveka mapiko mwana wa mwini sitolo ya mankhwala kuti azingoyendetsa milomo, Ate akuimba kuseri kwa nsalu. Anthu analira, naombera m'manja mwana uja. Pofika kunyumba Ate sanagwetse msozi. Anangoti mawu ndi anga, mapiko ndi a eni.

Atamaliza sekondale mu 1969 anayamba kuimba m'makalabu a asilikali. Nyimbo zija za anthu akuda a ku Amereka, zochokera pansi pa mtima, ankaziimba mpaka amuna a mamendulo pachifuwa kubisa nkhope m'zipewa. Mu 1974 anapita ku Manila, kumene opanga mafilimu anawakonda mawu koma osati nkhope. Kwa zaka zambiri ankaimbira kuseri, atsikana oyera akuyendetsa milomo pa kanema. Mu 1976 anamanga banja ndi malemu Gaudencio Sicat, woimba ng'oma wa mwendo umodzi wofupika, amene ankati anakwatira wailesi yosazima. Awiriwa anaimba m'mahotela a ku Hong Kong, Osaka ndi Guam.

Nonse mukudziwa kuti ine ndinayamba ndi jipi imodzi yobowoka pansi, ndipo lero magalimoto a Manalastas ali mumsewu uliwonse. Mayiko amene ndapondamo, pasipoti yanga inatopa nawo. Tsono mu 1987, ndili ku Rotterdam, ndinamva mawu a Ate m'nyumba yodyeramo amalinyero akwathu. Ndinaimirira n'kulengeza kuti amenewo ndi achemwali anga. Anandiseka, amvekere Kuya Honesto, achimwene athu, mowa wakukwanani, nandionetsa kaseti ya nkhope ya munthu wina. Chaka chotsatira ndinawajambulitsa Ate chimbale chawochawo, nkhope yawo itadzaza chikuto chonse, tsitsi lili nyankhalala. Nyimbo ija ya mkazi wodikira padoko inachokera mmenemo, ndipo mpaka lero palibe phwando limatha wina asanaiwononge. Woiwononga kwambiri ndine.

Dzina linamveka, mphoto zinabwera. Phiri la Pinatubo litaphulika mu 1991, anaimbira anthu m'misasa osalandira kanthu. Koma chilonda cha 1962 sichinapole. Paparishi yathu sanaimbeponso. Pasaka aliyense ankaima kumbuyo kwenikweni, ndipo chingwe chikangoyamba kutsika, iwo ankatembenuka n'kumapita kwawo. Ndinawauza kuti ndiwagulira mapiko a nthenga zenizeni ku Italiya. Anandiyankha kuti iwe Nesto, pakamwa pako m'pamene pakufunika chingwe.

Amuna awo anatisiya mu 2019. Mu 2022 Ate anapezeka ndi khansa ya pakhosi, ndipo atachitidwa opaleshoni mawu aja anatheratu. Komabe anapitiriza kuphunzitsa mdzukulu wawo Amihan, mwana wakuda ngati iwo. Ankamuongolera pogogoda mphete yawo pathebulo, ndipo akaphonya ankangomutuzulira maso.

Chaka chino komiti inasankha Amihan kukhala mngelo. Madokotala anati Ate safika Pasaka. Anafika. Pa 31 Malichi tinawakankha pa njinga ya odwala mpaka kutsogolo, malo amene anawakana zaka zonsezi. Chingwe ndinagwira ndine, nditavula mphete zanga zonse. Mwana atafika m'malere anayang'ana pansi, naona khamu, mawu n'kuuma. Mayi wina wa komiti anayamba kukodola mtsikana wamkulu kuti akaimbire kuseri kwa nsalu. Pomwepo tinamva kugogoda: mphete ya Ate pa chitsulo cha njinga. Go, go, go. Amihan anawayang'ana agogo ake, natsegula pakamwa. Abale anga, ndamvera oimba ku London ndi ku Las Vegas, koma zotere ayi. Nsalu yakuda inachoka, ndipo Ate sanatembenuke. Anayang'ana mpaka mwana anaponda pansi.

Anatisiya mwakachetechete pa 6 Epulo 2024, ali ndi zaka 71. Asiya ana awiri, Marisol ndi Crisanto, zidzukulu zinayi, ndi ine mlongo wawo wolongolola.

M'malo mwa mabanja a Manalastas ndi Sicat, ndikuthokoza bambo mfumu, anamwino amene anawasamalira, oimba anzawo ochokera ku Manila, ndi amayi amene mwatiphikira masiku onse a maliro ano. Ndikuthokozanso Mayi Tuazon, mngelo uja wa 1962, amene abwera ndi ndodo yawo nagona nafe pano.

Mukamadutsa kudzaona nkhope, muona mapiko oyera pachifuwa pawo. Wawaika ndi Amihan, ndipo wati komiti ikawafuna ikalankhule ndi agogo Honesto. Ibwere, indipeza.

Ate Perling, mawu anali anu, lero mapiko ndi anunso. Mzimu wanu uuse mumtendere.