Bambo Chavula ndi Chitseko cha Pansi pa Damu

Abusa, akuluampingo, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, yewo chomene. Nayi mbiri ya achimwene anga.

Malemu Overtoun Chavula anabadwa pa 9 Meyi 1956 ku Mzilawaingwe konkuno, Mzuzu akadali katauni ka anthu odziwana mayina. Atamaliza sekondale, mu 1976 anapita ku Bunda kukaphunzira za ulimi wothirira. Mu 1982 anamanga banja ndi mayi Selina NyaGondwe mumpingo uno.

Mu 1991 malemu anatsogolera ntchito yomanga damu la alimi m'munsi mwa Kaning'ina. Tomato ndi chimanga chachiwisi zimene ambiri mwakhala mukugula m'chilimwe zimamwa madzi amenewo. Pansi pa khoma la damulo anaikapo chitseko chachitsulo chotulutsira madzi, ndipo alimi ankaseka kuti sanaonepo munthu womanga nkhokwe n'kuiboola pansi.

Yunivesite itatsegulidwa, mzinda unakula mosafunsa. Aliyense anafuna puloti, aliyense anafuna kumanga nyumba zoti ophunzira azichita lendi. Mitengo yakumtunda inathera kuwotchera njerwa, dothi linatsala pamtetete, ndipo mvula ikagwa linkatsetserekera m'damu. Okutobala aliyense malemu ankalowamo ndi nsungwi kukayeza matope, n'kubwerako atakunga nkhope.

Lamulo lawo linali limodzi: mvula yoyamba ikagwa, chitseko chitsegulidwe kuti madzi ofiirawo adutse ndi matope ake, damu lidzadzaze ndi madzi oyera am'mbuyo. Komatu mlimi amene wapirira chilimwe chonse n'kovuta kuti aone madzi akungopita. Mu 2009, malemu ali pantchito ku Karonga, komiti ya alimi inatseka chitseko kuti isunge madzi oyambirira. Pofika Epulo, theka la damu linali mchenga, chitseko chitakwiririka, ndipo chaka chimenecho minda yakumapeto kwa ngalande inauma. Ena mwa inu munalipo, sinditchula mayina. Malemu sanakalipire munthu, koma anakugwiritsani makasu ndi mawilibala zilimwe zitatu kufikira chitseko chinaonekanso. Kuyambira pamenepo chitsulo chotsegulira chinkagona kunyumba kwawo. Pantchito ya boma anapuma mu 2016, koma kudamu sanapume.

Mu 2019 anapezeka ndi matenda a shuga. Mu Ogasiti chaka chino miyendo inayamba kutupa, kuyenda kunavuta, ndipo mwezi wathawu anagonekedwa m'chipatala. Anatisiya Lachiwiri pa 28 Novembala 2023 ali ndi zaka 67. Zatiwawa kwambiri.

Malemu asiya mayi Selina, ana atatu, Jasper, Wiza ndi Temwani, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mvano amene sanatope nafe, adzukulu amene akumba manda, ndi alimi a kudamu amene atidyetsa pano ndi ndiwo za m'minda yawo.

Mawu omaliza ndi awa. Mwambo wathu mukuudziwa, mwana wa malemu sachoka pasiwa lisanafike tsiku losesa. Koma mitambo mukuiona nokha, ndipo chitseko chija n'chotsekabe, poti achimwene anagonekedwa asanachitsegule. Damu likakwiririkanso, wolifukula palibe, ndipo chilimwe chamawa minda ija idzauma. Dzulo akubanja tinakhala pansi, ena anakana, koma alamu anga mayi Selina anagamula. Tikangotsitsa bokosi, Temwani, amene bambo ake anamuphunzitsa ntchitoyi, anyamuka kupita kudamu. Mukamuona akuchoka kumanda ndi chitsulo m'manja, nkhata zisanathe kuikidwa, chonde musamunene kuti alibe chisoni. Mwanayo walira kokwana, ndipo tamutuma ndife.

Mzimu wa achimwene Overtoun uuse mumtendere.