Anati Ndimathira Poizoni M'matemba

Moni nonse abale mwa Ambuye, ndi inu omwe amene munkandinena. Ine geni yanga ndi ya matemba ouma, ndimapikula ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, n'kukagulitsa pa Songani. Chaka chatha wina anaponya chithunzi m'magulu a pafoni: nsomba zili pathandala, pambali botolo la mankhwala ophera anankafumbwe, pansi pake dzina langa. Posakhalitsa makasitomala anayamba kulambalala benchi langa ngati pafera galu. Kutchalitchi nako mayi wina wa kwaya anandiuza pamaso kuti ndilape.

Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Ndinkaganizira mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa, ndipo ndinali nditatsimikiza zomugulula mano. Pemphero langanso silinali laulemu. Ndinamuuza Mulungu kuti akapanda kuyeretsa dzina langa, ndiliyeretsa ndekha ndi zibakera.

Mkazi wanga amaphunzira zosoka pa koleji ya ntchito zamanja kwathu kuno. Anandiuza kuti Loweruka laibulale ya pakolejipo imalola anthu akunja, ndipo mayi woyang'anira amaphunzitsa kusiyanitsa nkhani yoona ndi yopeka. Ndinapita chokakamizidwa, nkhope ili gwa.

Mayiyo, a Namaona, sanandipepese n'komwe. Anandikhazika pa kompyuta n'kufunsa kuti chithunzicho anajambula ndani, liti, komanso kuti. Ndinakalipa kuti mafunso amenewo akafunse adani anga.

"Bambo, anthu aja anachikhulupirira osachifunsa. Inunso mwachikwiyira osachifunsa," anatero.

Zinandiwawa, koma ndinaugwira mtima. Anandiphunzitsa kulowetsa chithunzi pa intaneti kuti tione kumene chinayambira, nati ndidine ndekha. Abale, chinatuluka m'nyuzipepala ya dziko lina, yakalekale, ine geni ya nsomba ndisanaiyambe. Chenichenicho chinali chosadulidwa m'mbali, kumbuyo kukuoneka sitima zikuluzikulu. Pa Chilwa pano sitima yotero munaionapo?

Tinasindikiza zithunzi zonse ziwiri, ndipo ndinakazikhoma pabenchi. Aliyense wondiyang'ana cham'mbali ndinkamuitana kuti atulutse foni yake, afufuze yekha ine ndikumulozera. Mnzanga amene ndinkafuna kumumenya uja ndi amene ankakuwira anthu kuti abwere adzaone. Amene anayambitsa bodzali sindikumudziwa mpaka lero. Makasitomala ambiri anabwerera, ena manyazi akuwagwirabe, amachita kutuma anzawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira dzanja ndisanapweteke munthu wosalakwa, nandiyankha kudzera mwa mayi wa mafunso owawa. Inu amene mukunamiziridwa, musachoke pamalo panu. Pempherani, mukatero mufufuze. Ndipo inu ongotumiza chilichonse chimene chagwera m'foni, dziwani kuti chala chanucho chinatsala pang'ono kugonetsa ana anga ndi njala. Ine sindinasamuke, mundipeza pa Songani, benchi lomwe lija. Ameni.